Kalulu ndi njovu ku Riyadh: macheza a pagulu a pa 19 May 2024, Oleksandr Usyk atangogonjetsa Tyson Fury pa nkhonya usiku wake

Bambo a Chisomo (Ndirande): Mwadzuka bwanji nonse. Ine tulo ayi. Kutchalitchi ndinapita ndithu, koma za ulaliki musandifunse, m'mutu munali raundi 9 yokhayokha. Ndiulule ndekha musanandiyalutse: Lachinayi ndinalemba pagulu pano kuti Usyk safika raundi 8. Ndinalemba ndine, foni sinabedwe.

Masamu anga anali achidule. Fury ndi chimunthu cha masentimita 206, pasikelo makilo pafupifupi 119. Usyk masentimita 191, makilo 101. Kusiyana kumeneko ndi pafupifupi ndowa ya chimanga. Ndiye Fury ndimamudziwa khalidwe lake akapeza munthu wochepa thupi: amamukolekera mkono m'khosi, n'kumutsamira ndi chithupi chonsecho mpaka miyendo itafooka. Anatero ndi Steve Cunningham mu 2013, anateronso ndi Wilder mu 2020. Ndinkati Usyk asenza katundu ameneyu maraundi asanu, kenako atula yekha.

Zimene ndinaona n'zina. Belu litangolira, wamng'onoyo ndi amene analanda pakati pa bwalo, wamkuluyo n'kumayenda chobwerera m'mbali mwa zingwe. Fury n'kufika pakona, kutambasulira manja pazingwe, kumagwedeza mutu, kumaseka. Ife pabala tinkakuwa kuti onani ufumu. Lero ndikaganiza bwino, munthu amene akuseka uku akubwerera m'mbuyo akulipira kanthu kena. Usyk sanasekeko, amangobwera, kamanzere m'mimba, kamanzere pachifuwa, ngati munthu wodzatenga ngongole yake.

Raundi 4 mpaka 6 Fury anamenya nkhonya zokoma kuposa zonse zimene ndamuona akumenya zaka zingapo zapitazi. Zam'nthiti zija, ndi chibakera chochokera pansi cha raundi 6 chimene chinamugwedeza Usyk miyendo. Apo ndinaitanitsa botolo lina, ndikuti zatha. Koma sanamumalize. Anamusiya apume. Ndipamene pandiwawa ine.

Kabaza wa pa Mchesi: Kkkkk madala mwalemba chikalata chonsechi kuti tiiwale za tambala munabetcha uja? Alamu anu akubwera

Alamu a ku Jubeki: Ndafika kale. Alamu, tambala uja akhale wamoyo, wachikuda, osati zoyera za mufiriji. Mukapereke kwa amayi ku Chilomoni, anditumizira chithunzi.

Bambo a Chisomo (Ndirande): Tambala alipo alamu, mundilole ndilire kaye.

Mayi a Pempho (Area 25): Lirani bambo, koma musanamizire kuti Fury anachita kumusiya dala. Kumapeto kwa raundi 7 mphepo inali itatembenuka kale. Usyk anatseka raundi imeneyo ndi manzere awiri atatu oyera. Raundi 8 anamuphulitsa mphuno, ndipo Fury anayamba kumangoigwiragwira ndi gulovu. Munthu ukayamba kupapasa mphuno yako pakati pa ndewu ndiye kuti maganizo achoka pa mnzako uja.

Kabaza wa pa Mchesi: Ine nkhani yanga ndi refa basi. Anatibera KO. Raundi 9 ija Fury akudzandira kuchoka chingwe ichi kukagwera chinacho ngati wachokera ku kachasu, maso ali mwaa, iwe m'malo moimitsa nkhonya ukuyamba kumuwerengera? Akanakhala Usyk akudzandira choncho bwezi ataimitsa kalekale

Kochi wa ku Kawale: Mphwanga, khala pansi ndikuuze. Lamulo lilipo: ngati zingwe ndi zimene zakuletsa kugwa, refa ali ndi mphamvu yotenga ngati wagwa, n'kukuwerengera. Mark Nelson anatsata limenelo. Fury pakona paja anachita kukhalira zingwe, popanda izo akanafika pansi. Ndiye kuwerenga kunali koyenera. Funso lenileni ndi lakuti kodi asanafike pakonapo, pamene ankalandira nkhonya zoposa 10 osabweza ngakhale imodzi, sanayenera kuimitsa? Marefa ena akanaimitsa, ndipo palibe akanawadzudzula. Koma taganiza, malamba anayi a ukatswiri wa dziko lonse ali patebulo, munthuyo sanagonjepo chiyambire, ndiponso mbiri yake yodzuka aliyense akuidziwa. Ine ndikanakhala refa ndikanachita zomwezo, mtima uli m'mwamba.

Achimwene a ku Leeds: Pa za kudzukazo Kochi akunena zoona. Asanakumane ndi Usyk, Fury anali atagwetsedwapo ka 7: Pajkic kamodzi, Cunningham kamodzi, Wilder kanayi, Ngannou kamodzi. Konseko anadzuka osagonja. Ya 2018 ku Los Angeles ija, raundi 12, anagona chagada ngati wafa, mwadzidzidzi n'kudzambatuka. Refa aliyense amalowa m'bwalo chithunzi chimenecho chili m'mutu.

Kabaza wa pa Mchesi: Ndiye mbiri izimenyera munthu nkhonya? Belu ndi limene linamupulumutsa, osati mbiri

Kochi wa ku Kawale: Belu linamuthandiza, eya. Koma ona raundi 10. Munthu amene mphindi imodzi yapitayo sankadziwa kuti ali ku Riyadh kapena ku Morecambe anabwera ali chilili, n'kumaliza ndewu yonse, raundi 12 akuponya ndithu. Zimenezo siziphunzitsidwa ku jimu. Komanso Usyk naye anali atawononga mafuta ambiri pofuna kumumaliza, n'chifukwa chake mu 10 sanathamange.

Bambo a Chisomo (Ndirande): Ndikuuzeni mmene zinalili kwathu raundi 9 ija. Magetsi anali atapita cha m'ma 10, tinasonkherana ya petulo wa jenereta, ndiye phokoso la jenereta ndi la anthu zimangopikisana. Manzere aja atalowa, bala yonse inangoti zii, kumangomveka jenereta yokha panja. Pafupi nane panali mkulu wina wogulitsa nyama, wa Fury mnzanga, amene kuyambira raundi yoyamba amaponya zibakera m'malere. Ndinangoona wagwira mpando wa pulasitiki ndi manja awiri, Fury akapepeluka kupita kumanzere nayenso akupendekera kumanzere ndi mpando wake, ngati akufuna amutchingire asagwe. Mlonda wa pamalopo, mdala woti nkhonya sazitsata n'komwe, anasuzumira pazenera n'kufunsa kuti, "Kodi wamtaliyo wamwa?"

Mayi a Pempho (Area 25): Kkkkkk mlondayo ndi mnzake wa Kabaza.

Koma tiyeni ku mapepala a oweruza, chifukwa ndaona ena pa Facebook akulemba zoti Fury waberedwa. Wa ku Spain anapereka 115-112 kwa Usyk. Wa ku Canada 114-113 kwa Fury. Wa ku America 114-113 kwa Usyk. Tsono werengani bwino. Raundi wamba wopambana amatenga 10, mnzake 9. Ukagwetsedwa imakhala 10-8. Wa ku America uja ndiye kuti anawagawira maraundi 6 aliyense, chimene chinawasiyanitsa ndi pointi imodzi ya kugwa kuja. Refa akanapanda kuwerenga, raundi 9 n'kulembedwa 10-9, pepala lake likanakhala 114-114. Mmodzi Usyk, mmodzi Fury, mmodzi pakati. Ikanatha yofanana mphamvu, aliyense n'kubwerera ndi malamba ake.

Ndiye Kabaza, refa amene ukumutukwanayo ndi yemwe anapatsa munthu wako malamba.

Kabaza wa pa Mchesi: Asa. Aphunzitsi mwandibalalitsa

Alamu a ku Jubeki: Masamu ali bwino mayi, koma wa ku Canadayo amaonera chiyani? Kupatsa Fury maraundi 7? Ine ndinamupatsa 3, 4, 5, 6 ndi 12. Ndikamukomera mtima kwambiri ndiwonjezera 7. Kupitirira apo ndi ufiti.

Kochi wa ku Kawale: Maraundi awiri oyamba ndi amene amagawa anthu. Wina amaona Usyk akuthamangitsa, wina amaona jabu ya Fury ikugunda. Woweruza amakhala mbali imodzi ya bwalo, alibe kubwereza kwa pa TV. Ine ndinalemba 115-112 Usyk, koma 114-113 mbali iliyonse sindingaitche umbava.

Madala a ku Chinamwali: Ana inu mwadzuka ndi phokoso. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine chimene chandiseketsa ndi ichi. Miyezi yonseyi Fury wakhala akumutcha mnzakeyu kalulu. Pamsonkhano wa atolankhani ku London chaka chatha anachita kumukalipira pamaso, kalulu, kalulu, thawa kalulu. Kwawoko kalulu ndi kanyama kamantha. Akanabwera kuno tikanamulangiza kuti mwanawe, dzina limenelo usamupatse mdani wako. Ndi liti pamene njovu inapambanapo kalulu m'nthano za agogo athu? Kalulu ankamangitsa njovu ndi mvuu chingwe chimodzi, iye ali phee pachitsamba.

Ndipo taonani mmene anachitira. Sanalimbane ndi thupi lonse lija. Anayamba ndi mimba, kuti manja atsike. Phazi lake lakumanja nthawi zonse kunja kwa phazi lakumanzere la Fury, kuti manzere ake apeze msewu. Mutu sukhala malo amodzi. Chimunthu cha makilo 119 kuchiyendetsa chobwerera mphindi 20, miyendo imayamba kulemba kalata yopuma pantchito.

Bambo a Chisomo (Ndirande): Madala, apa mwandilasa. Chifukwa ine ndinkawerenga makilo ngati chuma chokhachokha, kuiwala kuti mwiniwake ayenera kuwanyamula yekha maraundi 12.

Madala a ku Chinamwali: Si iwe woyamba. Mu 1974 tili anyamata, aliyense ankati Foreman amupha Ali ku Kinshasa. Tinadzamva m'mawa pa wailesi kuti Foreman wagona mu raundi 8. Kungoti Ali anagonera zingwe mwanzeru, pamene mwana wa dzuloyu anazigonera mwamatama.

Achimwene a ku Leeds: Kuno ma pub anadzaza ngati fainolo ya mpira. Koma chimene chawanyansa ambiri, ngakhale omukonda, ndi zimene anayankhula atangoluza. Akuti iye anapambana, koma anthu akukondera Usyk chifukwa dziko lake lili pankhondo. Mzungu wina amene ndimagwira naye ntchito, wa Fury weniweni, wanditumizira uthenga m'mawa uno kuti zija zamuchititsa manyazi.

Alamu a ku Jubeki: Zopusa zimenezo. Nkhondo ndi imene inamuphulitsa mphuno? Oweruza ndi a ku Spain, Canada ndi America, palibe wa ku Ukraine. Ndipo munthu amene akumunenayo mu 2022 anasiya zonse n'kubwerera ku Kyiv kukalowa gulu loteteza mzinda. Nkhani ya maliro a anthu sungaisandutse chophimbira manyazi ako.

Mayi a Pempho (Area 25): Sindikumuikira kumbuyo, koma munthu amene wangolandira nkhonya zija m'mutu musamamuikire maikolofoni pakamwa. Simunamve pomaliza akufunira anthu chaka chatsopano chabwino? Mu May!

Kabaza wa pa Mchesi: Kkkkkkk ndinamva!! Usyk anamutumiza ku January

Kochi wa ku Kawale: Mukuseka, koma ine pamene paja sindinaseke. Ndaonapo mnyamata wanga atamenyedwa choncho pa mpikisano wina, tikutuluka akundifunsa kuti kochi timenya nthawi yanji, chonsecho ndewu yatha kale. Mpaka lero mayi ake akandiona amayang'ana kumbali. Masewerawa timawakonda, koma amadya anthu.

Bambo a Chisomo (Ndirande): Zoona Kochi.

Chinanso chimene chikundizunguza. Kodi Fury ameneyu ndi yemwe uja wa 2015 amene anavula Klitschko malamba ku Düsseldorf? Kapena tinakana kuona chizindikiro mu October, pamene Ngannou, munthu woti nkhonya zamalipiro anali asanamenyepo, anamukhazika pansi mu raundi 3? Ine ndinkati sanakonzekere, anamuderera. Kenako February n'kuchekeka pamwamba pa diso ku maphunziro, ndewu n'kusunthidwa kuchoka pa 17 February kufika dzulo. Sabata ino bambo ake n'kumenya ndi mutu mnyamata wa gulu la Usyk, iwo eni n'kutuluka magazi pachipumi. Msasa wonse unali phokoso. Kwa mnzakeyo kuli zii.

Mayi a Pempho (Area 25): Apo ndiye ndikukanirani. Mukati Fury watha, mukumulanda Usyk ulemu wake. Fury wa dzulo anali wakuthwa, thupi analichepetsa, raundi 5 ndi 6 akanakhala munthu wina akanagwa. Ndipo wamkulu pa awiriwa ndi Usyk, zaka 37, Fury 35. Vomerani kuti anakumana ndi womuposa, osati kumufunira matenda.

Alamu a ku Jubeki: Auzeni mayi. Anthu amaiwala kumene munthuyu wadutsa. Golide wa Olympics ku London 2012. Glowacki anakamumenyera kwawo ku Poland. Huck ku Berlin. Briedis ku Riga. Gassiev ku Moscow, n'kutenga malamba onse anayi a cruiserweight (gulu lotsatira pansi pa la olemera kwambiri) mu 2018. Bellew ku Manchester. Joshua pa bwalo la Tottenham mu 2021, n'kumubwerezanso ku Jeddah. Munthu wongoyenda m'makomo mwa eni ake kumakadya nsima yawo. Ndewu 22 zokha, koma onani mayina.

Kabaza wa pa Mchesi: Koma Dubois anamugwetsa ndi ya m'mimba chaka chatha, refa n'kunena kuti yapansi pa lamba. Marefa amamukonda ameneyu

Mayi a Pempho (Area 25): Iwe Kabaza, poyamba refa wabera Usyk, pano marefa amamukonda. Sankha njinga imodzi ukwere.

Kabaza wa pa Mchesi: Ine ndimanyamula aliyense amene walipira mayi kkkk

Madala a ku Chinamwali: Mwatchula Bellew, mwandikumbutsa mwana wathu Isaac Chilemba. Mu 2013 anapita ku Liverpool, kwawo kwa Bellew, maraundi 12 n'kutha yofanana mphamvu, ambiri amene tinaonera tinkati Chilemba wachita zokwanira. Anadzaluza yachibwereza ku London. Bellew yemweyo ndi amene Usyk anamugoneka mu raundi 8 patapita zaka zisanu. Ndiye mukamaona anthu awa pa TV musamayese ndi a kumwezi. Mwana wobadwira ku Blantyre anagawana nawo bwalo, anafika mpaka kwa Kovalev ndi Bivol, onsewo n'kumaliza nawo maraundi 12.

Kochi wa ku Kawale: Koma anachita kupita ku Joni kuti zimenezo zitheke, madala. Kuno anyamata anga amagawana magulovu awiri anthu 9, thumba lomenya ndi la chimanga lothiramo mchenga ndi utuchi. Ndisayambe, ndingalire ngati Bambo a Chisomo.

Achimwene a ku Leeds: Funso kwa odziwa. Akuti aka n'koyamba chichokere Lennox Lewis kuti heavyweight, gulu la olemera kwambiri, ikhale ndi mfumu imodzi. Ndiye Klitschko zaka zonse zija sanali?

Kochi wa ku Kawale: Wladimir Klitschko anali ndi malamba a mabungwe a WBA, IBF ndi WBO, koma WBC inali kwa mkulu wake Vitali, ndipo awiriwo sakanamenyana, mimba imodzi. Lewis anagwirizanitsa malamba mu November 1999 atagonjetsa Holyfield, nthawi imeneyo ankawerenga atatu. Usyk ndi woyamba kunyamula anayi ku heavyweight. Ndipo kukhala mfumu yosatsutsika ku cruiserweight kenako ku heavyweight, anachitapo ndi Holyfield yekha.

Koma musazolowere. IBF ili kale ndi munthu wake pamzere, Hrgovic, pamene mgwirizano wa awiriwa uli ndi chibwereza. Usyk sangamenye ndewu ziwiri nthawi imodzi, ndiye lamba mmodzi achoka posachedwa, osati m'bwalo koma mu ofesi. Mabungwe anayiwa aliyense amadya pa lamba wake, mfumu imodzi siwapindulira.

Alamu a ku Jubeki: Zaka 25 kudikira, ndipo zatheka chifukwa Asaudi atulutsa chikwama. Popanda Turki Alalshikh, mkulu wa zosangalatsa ku Saudi, bwezi mpaka lero akutukwanizana pa intaneti za magawidwe a ndalama.

Mayi a Pempho (Area 25): Chikwama chili bwino, koma bwalo la ku Riyadh limakhala ngati anthu ali pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi. Ronaldo ndi Joshua ali phee kutsogolo. Ndewu ngati imeneyi ikanakhala ku Wembley denga likanachoka.

Achimwene a ku Leeds: Dzulo linaliko phokoso mayi, Angerezi anapita ambiri. Koma raundi 9 nawonso anangoti zii ngati ku Ndirande.

Madala a ku Chinamwali: Ine chimene ndatsala nacho si raundi 9. Ndi pakona, raundi 7 itatha, pamene zinthu zinali zisanamuyendere Usyk. Anamupatsa kamtanda, n'kukapsompsona, n'kudzuka. Nkhope osasintha. Ndiye pambuyo pake, malamba onse ali pathebulo, atolankhani atamufunsa za bambo ake amene anamwalira iye atangotenga golide uja, munthu analira ngati mwana. Nkhonya za Fury sizinamulize.

Bambo a Chisomo (Ndirande): Ndangoibwereza pa foni raundi 6, bandulo yonse yathera pomwepo. Chibakera chija chitalowa, Usyk anabwerera m'mbuyo koyamba usiku wonse. Fury anamutsatira pang'ono, kenako n'kuyambanso zoika manja kumbuyo. Mayi a Pempho, ndavomera kuti anakumana ndi womuposa. Koma ndikaona kamphindi kameneko mtima ukukanabe. Wilder akanakhala pamenepo Fury akanamugwera ndi thupi lonse. Uyu anamuopa chiyani?

Kochi wa ku Kawale: Anaopa manzere. Raundi 2 itangoyamba analawa imodzi yoyera, thupi linasunga. Ukamuthamangira Usyk umakumana nayo panjira, Joshua akhoza kukuuzani. Ndipo kumutsamira kumafuna umugwire kaye. Ukatambasula mkono iye wazungulira kale ali kumbali kwako.

Bambo a Chisomo (Ndirande): Ndiye pa chibwereza achite chiyani? Paja wanena yekha kuti October.

Kochi wa ku Kawale: Asiye zisudzo, aime pakati, amenye m'mimba kuyambira belu loyamba. Kunena n'kosavuta. Vuto ndi lakuti Usyk akamenyana nawe kachiwiri amakhala atakuwerenga kale.

Alamu a ku Jubeki: Alamu, musazembe ndi mafunso. Amayi akuti mpaka pano sanaone munthu pachipata.

Bambo a Chisomo (Ndirande): Chisomo wanyamuka naye kale, wakwera minibasi ya ku Chilomoni, tambala ali m'jumbo mutu uli panja. Mayi ake a Chisomo sakundiyankhula, akuti anali wa Khirisimasi. Ya chibwereza ndili ndi Fury yemweyo, koma kubetcha ndifunse kaye kunyumba.

Kabaza wa pa Mchesi: Madala mubetche kalulu ulendo uno kkkk

Alamu a ku Jubeki: Chithunzi chafika. Alamu, tambala ameneyu bwanji akuoneka wodwala chitopa?